Pikachu ali ndi tsamba lake, anzake anawaunjika pamndandanda

Mu 2002 magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa Andrew Balmford ndi anzake a ku yunivesite ya Cambridge. Anaonetsa ana a sukulu za pulayimale ku Britain zithunzi za mitundu iwiri: zina za nyama ndi zomera za m'dziko mwawo, zina za tizilombo topeka ta Pokémon. Ana a zaka 8 ankatchula molondola tizilombo pafupifupi 8 pa 10 tilitonse ta Pokémon, koma pa zamoyo zenizeni ankangokhoza pafupifupi theka.

Pokémon ndi gemu yomwe kampani ya Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1996, yokhala ndi tizilombo 151. Mwini maganizowo, Satoshi Tajiri, ali mwana ankakonda kugwira tizilombo tenitenito m'tchire. Wikipedia itayamba pa 15 January 2001, okonda gemuyi sanazengereze, ndipo kachilombo kalikonse anakalembera tsamba lakelake. Pofika 2007 tizilomboti tinali 493. Munthu akaona kuti tsamba lake la sukulu kapena la woyimba wa kwawo akufuna kulifufuta, ankangoti: ngati ka Pokémon kosadziwika kali ndi tsamba, langali lalakwa chiyani? Kafunsidwe kameneka kanafala mpaka anakapatsa dzina loti Pokémon test.

Apa ndi pomwe akonzi a Wikipedia anagawikana. Ena amati chilichonse choona chilowe, popeza Wikipedia si buku loti mapepala atha. Kusunga tsamba limodzi pa kompyuta sikudya ndalama yoti munthu n'kudandaula nayo. Pa mfundo imeneyi sakunama. Koma chomwe chimasowa si malo, ndi anthu. Tsamba lililonse limafuna maso: wina wolondera kuti opanda khalidwe asalembepo zotukwana, wina wotsimikiza kuti zolembedwazo n'zoona. Anthu amenewa salipidwa, amagwira ntchitoyi akaweruka kwawo. Kulambula munda waukulu n'kosavuta, nkhani imakhala pa kupalira.

Lamulo lomwe anakhazikitsa silifunsa ngati chinthu chili chokondedwa kapena chofunika. Limafunsa ngati anthu ena odalirika, osakhudzana ndi mwini chinthucho, analembapo mozama. Kwa ampangankhani ang'onoang'ono ndi malo opeka ochitikira nkhani, apa m'pamene pamavuta. Zonse zomwe tikudziwa za msilikali woonekera kamodzi m'filimu, kapena mudzi wotchulidwa m'mutu umodzi wa buku, zimachokera m'filimu kapena m'buku lomwelo. Tsamba lake limangokhala kubwereza nthano, ngati kuti munthuyo anakhalakodi ndi moyo. Wina akakayika za tsamba lotere, amalipereka kuti anthu akambirane kwa masiku 7. Sawerenga mavoti ayi. Wotseka zokambiranazo amayeza kulemera kwa mfundo, n'kugamula kuti tsamba likhale, lifufutidwe, kapena liphatikizidwe ndi lina.

Mu 2007 tizilombo tambiri ta Pokémon anatiphatikiza m'mindandanda, kalikonse ndime yake yaifupi. Pikachu anapulumuka chifukwa atolankhani ndi ofufuza analemba zambiri za iye. Mbiri yake inafika ngakhale m'malabotale: mu 2008 asayansi a ku Osaka atapeza puloteni ina ya m'diso, yothandiza kuti uthenga wa kuwala udutse kuchoka m'maselo ena kupita m'ena, anaitcha pikachurin. Puloteniyo nayonso ili ndi tsamba lake.

Okonda nthanozi sanasowe kolowera. Bulbapedia ya Pokémon ndi Wookieepedia ya Star Wars zinayamba mu 2005, ndipo kumeneko mpangankhani aliyense, ngakhale wongodutsa, amalembedwa mpaka mtundu wa nsapato. Jimmy Wales yemwe, mmodzi mwa oyambitsa Wikipedia, anatsegula Wikia, malo a pa intaneti osungira masamba otere, mu 2004 pamodzi ndi Angela Beesley. Lero imatchedwa Fandom ndipo imapeza ndalama potsatsa malonda.

Ine ndikuona kuti pa Pokémon anachita bwino. Wowerenga sanataye kanthu, amapezabe zomwe akufuna pamndandanda. Chondivuta n'chakuti lamulo lomweli siliona nkhope, ndipo limapweteka anthu ndi malo enieni amene olemba anawanyalanyaza. Mu September 2007 Wales analemba mizere yochepa yokhudza Mzoli's, malo ootchera nyama ku Gugulethu, ku Cape Town. Patangotha mphindi 22 mkonzi wina anaifufuta, ndipo inabwerera pambuyo pa mkangano waukulu. Mu 2018 tsamba la Donna Strickland, katswiri wa fizikisi ku yunivesite ya Waterloo ku Canada, linakanidwa ati umboni wosonyeza kuti ndi wodziwika unali wosakwanira. Mu October chaka chomwecho analandira mphotho ya Nobel, ndipo tsamba linalembedwa tsiku lomwelo.

Kukhwimitsa zinthu kunalinso ndi mtengo wina. Aaron Halfaker ndi anzake, mu kafukufuku wa mu 2013, anaonetsa kuti akonzi okangalika a Wikipedia ya Chingerezi anaposa 50,000 mu 2007, kenako anayamba kuchepa. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti obwera kumene, ngakhale a zolinga zabwino, ntchito yawo yoyamba inkakanidwa msanga, nthawi zambiri mothandizidwa ndi mapulogalamu a kompyuta, ndipo ambiri sankabwereranso.

Chodabwitsa n'chakuti zamoyo zomwe ana a ku Britain ankalephera kutchula ndizo zosavutikira tsamba. Mtundu uliwonse wa nyama kapena chomera umene asayansi anaufotokoza n'kuupatsa dzina nthawi zambiri umaloledwa, chifukwa kupatsa dzinako kumafuna pepala losindikizidwa. N'chifukwa chake mbuna zambiri za m'nyanja ya Malawi, zina zopezeka pa miyala ya chilumba chimodzi chokha, zili ndi masamba awo. Koma woti alembe tsamba la Sikusinja kapena Gwenembe, ampangankhani a m'buku la J.W. Gwengwe, adzafunsidwa kaye kuti ndani wina, kupatula Gwengwe mwiniwake, analemba mozama za iwo, ndipo zolembazo zili kuti.