Adani a James Bond anawasankha bwanji?

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa mafilimu a akazitape amene ambirife tinkaonera m'nyumba za vidiyo. Ndili mnyamata ndinkangochemerera James Bond, koma nditawaoneranso ndazindikira chimene ndinkachiphonya.

Mu Diamonds Are Forever ya 1971, zigawenga ziwiri, Mr Wint ndi Mr Kidd, zikuoneka zitagwirana manja zitangopha anthu. Kwathu kuno amuna kugwirana manja n'chinzake chabe, koma kwa Azungu chinali chizindikiro chakuti awiriwa ndi amuna okondana, ndipo filimuyo imatiphunzitsa kuwaseka ndi kuwaopa.

Gwero lake ndi ili. Ku England, mwamuna kugona ndi mwamuna mnzake unali mlandu mpaka 1967. John Vassall, kalaliki wa boma la Britain ku Moscow, a KGB anamujambula zithunzi ali ndi amuna, namuopseza kuti amuulula. Chifukwa cha mantha anayamba kuwapatsa zinsinsi za boma mpaka anagwidwa mu 1962. Opanga mafilimu anaiwala za manthawo, nangotionetsa kuti munthu wotere ndi wachiwembu chibadwire.

Britain inachotsa chiletso cholemba anthu otere ntchito ya ukazitape mu 1991, ndipo mu 2021 mkulu wa MI6, a Richard Moore, anapepesa poyera.

Abusa ndi makolo anzanga, pa chiphunzitso tingasiyane maganizo, koma kunamizira munthu uchigawenga ndi umboni wonama. Ana athu akamaonera mafilimuwa, tiziwafunsa kuti mdaniyo walakwa chiyani kwenikweni.

Wokonda kanema,
Ntcheu.