Tiyi ndi lumanda sizingachotse imvi, koma zili ndi ntchito yake

Ku Luangwa Boma, pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, munthu akaima pagombe amaona Zumbo wa ku Mozambique kutsidya kwina ndi dera la Kanyemba ku Zimbabwe kutsidya linalo. Lusaka ali kutali, makilomita oposa 300, ndipo ndalama yopitira ku saluni imapikisana ndi ya ufa ndi ya sukulu. Nchifukwa chake malangizo amene akuyenda pa Facebook ndi WhatsApp, akuti mukhoza kudaya tsitsi ndi tiyi, khofi, lumanda kapena mandimu, amagwira mtima amayi ndi abambo amene imvi zayamba kuwatulukira. Malangizowa si bodza lokhalokha, koma amalonjeza zoposa zimene khitchini ingapereke. Zinthu za m'khitchini zimangopaka mtundu pamwamba pa tsitsi kwa masiku ochepa, ndipo amene sadziwa zimenezi ndi amene amathera pa zosakaniza zoopsa pofuna zotsatira zimene tiyi sakanamupatsa.

Chifukwa chake chili m'mapangidwe a tsitsi lenilenilo. Kunja kwake kuli timamba tosanjikizana totseka bwino, ndipo mtundu wakuda uli m'kati, m'timibulu ta melanin timene thupi limaika tsitsi likamamera. Imvi ndi tsitsi limene lamera lopanda melanin. Dayi wa m'sitolo amagwira chifukwa ali ndi ammonia wotsegula timamba tija ndi hydrogen peroxide wothandiza kuti utoto upangike m'kati mwa tsitsi, mmene sungatulukenso ndi madzi. Njira imeneyi inafala kuchokera mu 1907, pamene Eugène Schueller wa ku Paris anayamba kugulitsa utoto umene unadzabala kampani ya L'Oréal. Tiyi alibe mphamvu yotsegula chilichonse. Ali ndi tannin, yemwe uja amasiya banga pa nsalu ya patebulo. Mukatayira tiyi pa nsalu yoyera banga limaoneka, pa nsalu yakuda simuona kanthu, ndipo pamutu nchimodzimodzi: imvi zimasanduka zofiirira pang'ono ndi kusiya kuwala patali, pamene tsitsi lakuda limakhala mmene linalili.

Kwa amene akufuna zochepazo, njira yake ndi yosavuta. Wiritsani masupuni atatu kapena anayi a masamba a tiyi m'makapu awiri a madzi mpaka madziwo ade bii, muwasiye azizire, sefani ndi kansalu, kenako nyowetsani tsitsi lochapa kale mpaka kumizu. Vundikirani ndi pulasitiki kwa ola limodzi, tsukuluzani ndi madzi okha opanda sopo. Madzi ofiira a lumanda, amene ku Malawi amati chidede, amasiya kufiira kofatsa pa imvi mwa njira yomweyo. Koma mtunduwo umachoka mukachapa kamodzi kapena kawiri, ndipo m'chigwa cha Luangwa, mmene kutentha kwa mu Okutobala kumafika madigiri 40, thukuta lokha limayamba kuutsitsira pa kolala ya malaya ndi pa mpango tsiku lisanathe. Ndi chokongoletsa cha tsiku la ukwati kapena la tchalitchi.

Wina anganene kuti makolo athu ankasintha maonekedwe a tsitsi popanda sitolo, ndiye bwanji ife tilephere? Zoona ankatero. Ufa wofiira wa nkula, wochokera ku mtengo, unkasakanizidwa ndi mafuta n'kupakidwa pamutu ndi pathupi pa miyambo, ndipo Audrey Richards anaulemba m'buku lake la mu 1956 lofotokoza chinamwali cha Abemba. Amayi a mtundu wa Himba ku Namibia mpaka lero amapaka dothi lofiira losakaniza ndi mafuta a mkaka. Koma zonsezi ndi zomata pamwamba, zimene mwini wake amabwereza nthawi ndi nthawi, ndipo sankabisa kuti wapaka. Cholinga chinali kukongola ndi kuonetsa msinkhu. Ife tikufuna china, kuti imvi zisowe kotheratu ngati sizinamerepo, ndipo chimenecho makolo sanachipeze mu mphika.

Chomera chimodzi chimene chimagwiradi tsitsi kwa milungu ndicho henna, amene azimayi a Chiswahili ndi Amwenye amagwiritsa ntchito kuyambira kale. Masamba ake ali ndi lawsone, amene amamatirira ku keratin wa tsitsi. Komabe henna weniweni, ufa wobiriwira wonunkhira ngati udzu wouma, amapereka mtundu wofiira kapena wa lalanje basi, ndipo amafuna maola angapo. Apa mpamene pali msampha. Paketi yolembedwa kuti henna wakuda, yolonjeza kudetsa mutu m'mphindi zowerengeka, kawirikawiri imakhala ndi para-phenylenediamine, mankhwala amene amadziwika ndi zilembo PPD. Mankhwalawa amatupitsa nkhope ndi zikope, amatulutsa matuza pakhungu la anthu ena, ndipo thupi likawakana kamodzi limawakana moyo wonse. Madokotala a khungu ku America anawatchula mu 2006 kuti ndiwo oyenera kuchenjeredwa kwambiri chaka chimenecho. M'tauni ya m'malire, mmene katundu amabwera pa bwato ndi pa basi, ena olembedwa m'chinenero chimene wogula sawerenga, chithunzi cha tsamba lobiriwira pa paketi si umboni wa chilichonse.

Nazo za m'khitchini zina zimaononga. Madzi a mandimu pamodzi ndi dzuwa amayeretsa tsitsi la azungu pang'ono, koma pa tsitsi lathu lopotana, limene limauma msanga mwachibadwa, amangolisiya lofiirira ndi lothothoka. Soda ndi chidulo zimafewetsa therere chifukwa ndi zaukali, ndipo pa tsitsi zimatukula timamba n'kulisiya lokhakhala. Kwa mayi amene anawongola kale tsitsi ndi relaxer, kuonjezera zimenezi ndi kupweteka tsitsi lovulala kale. Kiwi wa nsapato ndi ufa wakuda wa m'mabatire, zimene ena amayesa atasowa ndalama, zisafike pamutu wa munthu ngakhale tsiku limodzi.

Ndikuona kuti tiyi ndi lumanda n'zoyenera kuyamikiridwa pa chimene zili: n'zotsika mtengo, sizitentha khungu, ndipo mukapakanso mafuta a nsatsi tsitsi limawala. Amene akufuna kuda kokhalitsa agule dayi wolembedwa bwino zosakaniza zake, apake kadontho kuseri kwa khutu, adikire maola 48 asanapake mutu wonse. Pakayabwa, pakafiira kapena kutupa, tayani paketiyo. Nkhope ikayamba kutupa kapena mpweya ukamavuta, tsukani mutu ndi madzi ambiri ndipo pitani kuchipatala nthawi yomweyo, mutatenga paketiyo kuti adokotala aione.