Andrew Levey ndi nambala yoyezera mphamvu ya impso

Andrew S. Levey ndi dokotala wa matenda a impso wa mumzinda wa Boston ku America, yemwe kafukufuku wake anasintha momwe azachipatala padziko lonse amayezera mphamvu ya impso. Anamaliza maphunziro a udokotala pa Boston University mu 1976, ndipo zaka zambiri za ntchito yake wakhala pa chipatala cha Tufts Medical Center, pomwe anatsogolera nthambi ya impso kuyambira 1999 mpaka 2017. Dzina lake silimveka kawirikawiri kunja kwa zipatala, komabe ntchito yake imaoneka tsiku lililonse pa pepala la zotsatira za magazi, pa nambala imene labotale imalemba pambali pa zilembo za eGFR.

Impso iliyonse ili ndi timasefa ting'onoting'ono pafupifupi miliyoni imodzi. Mwa munthu wachinyamata wathanzi, impso ziwiri zimasefa madzi a m'magazi okwana mamililita pafupifupi 125 pa mphindi, kutanthauza malita ngati 180 pa tsiku. Ochuluka amabwerera m'thupi, ndipo otuluka ngati mkodzo amangokhala lita imodzi kapena awiri. Liwiro la kusefaku ndi lomwe madokotala amalitchula kuti GFR. Kuliyeza mwachindunji ndi chintchito: wodwala amabayidwa mankhwala apadera, kenako amatengedwa magazi kapena mkodzo kangapo kwa maola angapo kuti aone momwe mankhwalawo akuchokera m'thupi. Palibe chipatala chingachite zimenezi kwa aliyense wobwera pamzere.

Njira yapafupi ndi kuyeza creatinine, zinyalala zochokera m'minofu zomwe impso zimachotsa. Impso zikafooka, creatinine amachuluka m'magazi. Vuto lake n'lakuti munthu wa minofu yambiri amapanga creatinine wambiri, pomwe wokalamba kapena wowonda amapanga wochepa. Mnyamata wa zaka 25 ndi gogo wamkazi wa zaka 75 akhoza onse kupezeka ndi creatinine wa 1.2, dokotala n'kuwauza kuti zonse zili bwino. Koma masamu a masiku ano amasonyeza kuti impso za mnyamatayo zikusefa pafupifupi 86, pomwe za gogoyo zili pa 47, zomwe ndi matenda kale. Kale fomula yodziwika inali ya Cockcroft ndi Gault ya mu 1976, yomwe inapangidwa poyeza amuna 249 pa chipatala cha asilikali opuma ku Canada. Inkafuna kuti wodwala akwere kaye pasikelo, ndiye labotale yomwe yangolandira kabotolo ka magazi sikanatha kuigwiritsa ntchito payokha.

Mwayi wa Levey unachokera ku kafukufuku yemwe cholinga chake chinali china. Iye anali mmodzi wa atsogoleri a kafukufuku wotchedwa MDRD, amene ankafuna kudziwa ngati kuchepetsa zakudya za mapuloteni ndi kutsitsa kwambiri kuthamanga kwa magazi kungachedwetse kufooka kwa impso. Zotsatira za odwala 840 zitatuluka mu 1994 mu New England Journal of Medicine, funso la zakudya silinayankhidwe momveka. Koma pochita kafukufukuyo, ofufuzawo anali atayeza GFR mwachindunji mwa anthu ochuluka, pamodzi ndi creatinine wawo, zaka zawo ndi zina zambiri. Levey ndi anzake anatenga zoyeza za anthu 1,628 n'kupanga fomula yatsopano, imene inasindikizidwa mu 1999 mu Annals of Internal Medicine. Posakhalitsa anaifupikitsa kuti izingofuna zinthu zinayi: creatinine, zaka, ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi, komanso ngati ndi wakuda kapena ayi. Popeza sikelo sinkafunikanso, kompyuta ya mu labotale inatha kuwerengera yokha n'kulemba nambala popanda dokotala kupempha.

Ntchito yake yachiwiri yaikulu inabwera mu 2002. Nthawi imeneyo dokotala aliyense ankatchula kufooka kwa impso m'mawu akeake, ndipo chidwi chinali pa odwala amene afika kale pofunika makina osefa magazi. Bungwe la National Kidney Foundation linakhazikitsa gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Levey, lomwe linapereka tanthauzo limodzi: munthu ali ndi matenda a impso okhalitsa ngati GFR yake ili pansi pa 60, kapena ngati pali chizindikiro cha kuwonongeka kwa impso monga mapuloteni mu mkodzo, kwa miyezi itatu kapena kuposerapo. Matendawo anawagawa m'magawo asanu, gawo lachisanu likuyambira pansi pa 15. Bungwe la mayiko ambiri la KDIGO linavomereza tanthauzoli mu 2005. Apa ndi pomwe zinatheka kuwerenga odwala ndi kuyerekeza dziko lina ndi linzake. Kafukufuku wa padziko lonse wa matenda anayerekeza kuti mu 2017 anthu pafupifupi 700 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo okwana 1.2 miliyoni anamwalira nawo chaka chimenecho. Ziwerengero zoterezi zimatsamira pa muyezo ndi tanthauzo zomwe gulu la Levey linaika.

Pakati pa ofufuza, kukula kwa ntchito ya munthu kumayezedwa makamaka ndi kuchuluka kwa mapepala ena amene atchula pepala lake. Levey walemba mapepala mazanamazana, anakhalapo mkonzi wamkulu wa American Journal of Kidney Diseases, ndipo mapepala ake a fomula, la 1999 ndi la fomula ina ya 2009, lililonse latchulidwa maulendo oposa 10,000. Ziwerengerozi n'zofunika kuzimvetsa bwino. Wofufuza za shuga, za mtima kapena za HIV akafuna kunena momwe impso za odwala ake zinalili, amagwiritsa ntchito fomulayo, ndiye amakakamizika kutchula mwini wake, ngakhale pepalalo sanaliwerenge mpaka kumapeto. Kutchulidwa kotere kumasonyeza kuti chida chafala, koma sikutsimikizira kuti chidacho n'cholondola kwa aliyense.

Zofooka za fomula ya MDRD zinaonekera msanga. Popeza inapangidwa poyeza anthu odwala impso kale, inkapereka nambala yotsika kwa anthu amene impso zawo zinali bwino, n'kuwaika m'gulu la odwala. Levey ndi gulu lotchedwa CKD-EPI anasonkhanitsa zoyeza za anthu 8,254 kuchokera mu kafukufuku khumi, athanzi ndi odwala omwe, ndipo mu 2009 anatulutsa fomula ina. Itagwiritsidwa ntchito pa akuluakulu a ku America, chiwerengero cha oganiziridwa kuti ali ndi matenda a impso chinatsika kuchoka pa 13.1 peresenti kufika pa 11.5 peresenti, popanda wina kumwa piritsi n'limodzi lomwe. Mu 2012 gulu lomweli, motsogozedwa ndi Lesley Inker, linawonjezera fomula ya cystatin C, puloteni ya m'magazi imene sidalira kwambiri kuchuluka kwa minofu.

Otsutsa analipo ndipo akadalipo. Madokotala monga Richard Glassock ndi Christopher Winearls ananena kuti impso zimafooka pang'onopang'ono munthu akamakula, choncho kuika malire a 60 kwa aliyense kumachititsa kuti okalamba ambiri azitchedwa odwala pomwe impso zawo sizidzawavutitsa. Poyankha, ofufuza anasonkhanitsa zolemba za anthu oposa miliyoni imodzi, zomwe zinasonyeza kuti GFR yotsika ndi mapuloteni mu mkodzo zimawonjezera chiopsezo cha imfa, makamaka ya matenda a mtima. Malangizo a KDIGO a 2012 anasunga malire a 60, koma anagawa gawo lachitatu pawiri ndi kuwonjezera kuyeza mapuloteni a mu mkodzo. Mkangano wa okalamba sunathe.

Mkangano waukulu kuposa onse unali wa mtundu wa munthu. Mu kafukufuku wa MDRD, anthu akuda a ku America, omwe anali pafupifupi 12 pa 100 alionse, ankapezeka ndi creatinine wokwera kuposa azungu a GFR yofanana. Pofuna kuwongola kusiyanako, fomula ya MDRD inkakweza nambala ya munthu wakuda ndi 21 peresenti, ya 2009 ndi pafupifupi 16 peresenti. Ena ankati chifukwa chake ndi minofu, koma umboni wake unali wochepa. Zotsatira zake zinali zoonekeratu: ku America munthu amayamba kuwerengeredwa nthawi pa mndandanda wodikira impso yatsopano GFR ikafika 20, ndiye wodwala wakuda wa nambala yokwezedwa ankachedwa kufika pamzerewo. Ophunzira udokotala ndi madokotala achinyamata anadzudzula mwamphamvu. Levey poyamba anachenjeza kuti kungochotsa kukwezako kungachepetse kulondola kwa fomula, koma mu 2021 iye ndi Inker anatulutsa fomula yosafunsa mtundu, ndipo mabungwe akuluakulu a impso ku America analimbikitsa ma labotale kuitenga.

Ku Africa kuno funsoli linali litafunsidwa kale. Kafukufuku wa ku South Africa mu 2008 ndi wa ku Ghana mu 2010 anapeza kuti fomulazi zimalondola bwinoko kukweza nambala ya anthu akuda kukachotsedwa. Mu 2022 magazini ya Lancet Global Health inasindikiza zotsatira za kafukufuku wa ARK, yemwe anayeza GFR mwachindunji ndi mankhwala a iohexol mwa anthu oposa 2,500 a ku Malawi, Uganda ndi South Africa. Ofufuzawo anapeza kuti fomula zonse za creatinine, ya 2021 yomwe, zimapereka nambala yokwera kuposa mphamvu yeniyeni ya impso za anthu a kuno, pomwe za cystatin C zinayandikira bwino. Zili ngati malaya osokedwa poyeza thupi la munthu wina: amavalika, koma sakwana paliponse.

Kulakwitsa kokweza nambala n'koopsa chifukwa kumabisa matenda pa nthawi yomwe akadatha kuchedwetsedwa ndi mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, m'dziko ngati Malawi lomwe makina osefa magazi amapezeka m'zipatala zochepa monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Nambala yomweyo ndi imene dokotala amayang'ana asanapereke metformin kwa wodwala shuga, kapena posankha ngati munthu apitirize kumwa ma ARV okhala ndi tenofovir. Kuyeza cystatin C n'kokwera mtengo ndipo ma labotale ambiri m'chigawo chino alibe zipangizo zake, choncho fomula za creatinine za gulu la Levey ndi zomwe zikugwiritsidwabe ntchito, pamodzi ndi kuyeza mapuloteni mu mkodzo ndi kubwereza kuyeza magazi pakatha miyezi itatu.