Womasulira wa Pakati pa Pulogalamu ndi Nkhokwe

Anthu aŵiri olankhula zinenero zosiyana akafuna kumvana amaitana womasulira mau. Zonse zimayenda bwino malinga womasulirayo akugwira ntchito yake mokhulupirika, koma tsiku limene nkhani yakhota, munthu wosadziŵa ngakhale liu limodzi la chinenero cha mnzake sangathe kuloza pamene palakwika. M'ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta mulinso womasulira wotere. Akatswiri amamutcha ORM, chidule cha mau akuti object-relational mapping. Achinyamata amene atsiriza sukulu nayamba ntchito imeneyi amakumana naye m'miyezi yoyambirira, ndipo ambiri amangomkhulupirira osafunsa zimene akunena m'malo mwao. Apa ndi pamene pagona gwero la mavuto ambiri.

Mbali imodzi ya zokambiranazi ndi nkhokwe yosungiramo zolembedwa, imene dzina lake pantchito ndi database. M'chaka cha 1970 Edgar F. Codd, katswiri wa masamu wochokera ku England amene ankagwira ntchito ku kampani ya IBM ku San Jose, adalongosola njira yosunga zolembedwa m'matebulo a mizere, monga momwe likhalira kaundula wa m'kalasi. Mzere uliwonse ndi wa munthu mmodzi kapena chinthu chimodzi, ndipo matebulo amalumikizana ndi manambala. Pasukulu pangakhale tebulo la ophunzira ndi lina la malikisi, ndipo nambala ya wophunzira ndiyo imasonyeza kuti malikisi aŵa ndi a yani. M'chaka cha 1974 Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, a ku IBM komweko, adafalitsa chinenero chofunsira mafunso ku nkhokwe zotere, chimene lero chimatchedwa SQL.

Mbali inayo ndi pulogalamu. Zinenero zambiri zolembera mapulogalamu, monga Java, Python ndi Ruby, zimatsata nzeru imene idakhwima ku Norway m'chinenero cha Simula 67, ntchito ya Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard. M'zinenero zimenezi wophunzira saoneka ngati mzere ayi, koma ngati chinthu chathunthu chonyamula dzina lake, mudzi wake ndi mndandanda wa malikisi ake pamodzi. Kotero pulogalamu imaona munthu wamphumphu, pamene nkhokwe imaona zidutswa zomwazikana m'matebulo angapo. Ntchito ya womasulira ndiyo kusandutsa zopempha za pulogalamu kukhala mafunso a SQL, ndi kusonkhanitsa mayankho ake kuti akhalenso chinthu chimodzi.

Omasulira otchuka alipo angapo. Hibernate, wa chinenero cha Java, adayambitsidwa ndi Gavin King m'chaka cha 2001. Ruby on Rails idatuluka mu 2004 ili ndi womasulira wake, Active Record. Django, ya chinenero cha Python, idatuluka mu 2005, ndipo SQLAlchemy idatsatira mu 2006. Zida zimenezi sizili kutali ndi Malaŵi, pakuti DHIS2, pulogalamu ya ku Yunivesite ya Oslo imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira ziŵerengero za m'zipatala, idamangidwa ndi Java pamodzi ndi Hibernate. Phindu la omasulira n'loonekeratu, chifukwa ntchito ya sabata yathunthu ikhoza kutha tsiku limodzi. Komatu walira mvula walira matope. Mu 2006 katswiri wina, Ted Neward, adayerekeza ntchito yomasulirayi ndi nkhondo ya ku Vietnam, kutanthauza kuti kuloŵamo n'kosavuta koma kutulukamo bwino n'kovuta.

Vuto loyamba, lofala kuposa onse, ndi la mafunso ochuluka, lodziŵika ndi dzina lakuti N+1. Tiyerekeze kuti sukulu ili ndi ophunzira 400 ndipo mphunzitsi wamkulu akufuna lipoti la malikisi a onse. Womasulira afunsa funso limodzi kuti apeze maina. Tsono popeza chizoloŵezi chake n'chosatenga chinthu chisanafunike, adikira mpaka pulogalamu itafika pa wophunzira woyamba ndipo apita kukafunsa malikisi ake, kenaka a wachiŵiri, mpaka onse atatha. Mafunso onse pamodzi akwana 401. Zili ngati mai wotuma mwana ku golosale kukagula mchere, mwanayo atabwera n'kumtumanso sopo, atabweranso n'kumtuma machesi. Choipa n'chakuti vutoli limabisala: poyesa pulogalamu ndi ophunzira asanu zonse zimathamanga, koma tsiku lotsekera sukulu, makolo atafola panja kudikira malipoti, kompyuta imachita ngati yagona. Mankhwala ake ndi kumuuziratu womasulira kuti atenge zonse paulendo umodzi. Mu Django lamulo lake ndi prefetch_related, mu Rails ndi includes, ndipo mu Hibernate ndi JOIN FETCH. Mafunso 401 aja amatsika kufika pa aŵiri kapena limodzi.

Vuto lachiŵiri limabadwa m'chizoloŵezi chomwecho cha kudikira. Omasulira ena amalankhula ndi nkhokwe m'kati mwa nthaŵi yoikika yotchedwa session, imene imatsegulidwa ndi kutsekedwa monga zenera la ku positi ofesi. Pulogalamu ikatenga dzina la wophunzira zenera lili chotsegula, n'kudzafuna malikisi ake zenera litatsekedwa, womasulira amasoŵa kokafunsa. Hibernate amadandaula ndi uthenga wakuti LazyInitializationException, pamene SQLAlchemy amati DetachedInstanceError. Wongoyamba kumene amathamangira kusiya zeneralo chotsegula nthaŵi yaitali, kapena kulamula kuti chilichonse chizitengedwa nthaŵi zonse. Njira yoyambayo kaŵirikaŵiri imabweretsanso vuto la mafunso ochuluka mobisika, ndipo yachiŵiriyo imasenzetsa kompyuta katundu wosafunika. Njira yolongosoka ndiyo kuganiziratu zimene tsamba lililonse lidzafuna, ndi kuzitenga zomwezo basi zenera lisanatsekedwe.

Vuto lachitatu ndilo loopsa koposa, chifukwa silichita phokoso. Tiyerekeze kuti pasukulu ina yogonera komweko makalaliki aŵiri atsegula mbiri ya wophunzira mmodzi nthaŵi imodzi. Woyamba alemba kuti fizi yalipidwa, nasunga. Wachiŵiri, amene pa kompyuta yake pakuonekabe zakale, angokonza kalembedwe ka dzina la mudzi, nasunganso. Django ndi Hibernate, akasiyidwa monga adabwerera, amalembanso mzere wonse, osati malo okhawo amene asinthidwa. Motero zolemba za kalaliki woyamba zimafafanizika popanda chenjezo, ndipo mwana amene bambo wake adagulitsa mbuzi kuti alipire akhoza kubwezedwa kwao ngati wangongole. Chitetezo chake ndi kuika pamzere uliwonse nambala imene imakwera nthaŵi iliyonse mzerewo ukasinthidwa. Wosunga mochedwa akabwera ndi nambala yakale, womasulira amakana, namuuza kuti ayambe waona zatsopano. Mu Hibernate chizindikiro chake ndi @Version, ndipo mu Rails ndi lock_version.

Vuto lachinayi ndi la kusiyana kwa maonekedwe. Wolemba pulogalamu akaonjezera malo atsopano pa wophunzira, monga nambala ya lamya ya kholo, koma tebulo la m'nkhokwe likadali lakale, womasulira amafunsa chinthu chimene kulibe, ndipo nkhokwe imakana. Chifukwa cha ichi Rails ndi Django zili ndi dongosolo lotchedwa migrations, limene limalemba kusintha kulikonse kwa matebulo motsatana, monga masitepe a makwerero. Lamulo la akatswiri n'lakuti munthu asasinthe tebulo ndi manja mwamseri, ndiponso ayambe wakopera zonse za m'nkhokwe pamalo ena asanakhudze nkhokwe imene anthu akugwiritsa ntchito.

Mavuto anayiŵa ndi osiyana, koma kafufuzidwe kake n'kamodzi, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Choyamba ndi kumvetsera womasulira. Aliyense wa iwo akhoza kuonetsa mafunso a SQL amene akutumiza: Hibernate ali ndi show_sql, SQLAlchemy ali ndi echo, ndipo Rails imaŵalemba yokha m'kaundula wake pamene pulogalamu ikumangidwa. Chachiŵiri ndi kuŵerenga mafunsowo ndi kuŵaŵerengera. Funso limodzi likamabwerezedwa kambirimbiri, nambala yokha n'kumasintha, ndiye kuti vuto loyamba lija lapezeka. Chachitatu ndi kutenga funso lochedwalo n'kulipereka ku nkhokwe mwachindunji, popanda womasulira, pogwiritsa ntchito lamulo la EXPLAIN limene limaonetsa njira imene nkhokwe ikutsata pofufuza. Kaŵirikaŵiri zimapezeka kuti womasulira alibe mlandu, koma tebulo lilibe index, chinthu chonga mlozera wa kumapeto kwa buku, kotero nkhokwe ikuŵerenga mizere yonse kuti ipeze umodzi. Chachinayi ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthaŵi imodzi, kuyesa ndi zolembedwa zochuluka ngati zenizeni, ndi kusiya mayeso amene adzalira vutolo likadzabweranso. Django ili ndi assertNumQueries, imene imalepheretsa mayeso mafunso akasiyana ndi chiŵerengero choikika.

Njira zonsezi zimafuna munthu wodziŵa kuŵerenga SQL. Wosadziŵa amangotola mau kwa anzake n'kuŵamata m'pulogalamu, mwina vuto n'kuzimirira lero, maŵa n'kutulukira pena. Pachifukwa ichi aphunzitsi a maphunziro a kompyuta angachite bwino kuyamba ndi matebulo, manambala olumikizira ndi mafunso olembedwa ndi manja, womasulira n'kudzabwera pambuyo. Ngakhale pasukulu yopanda makompyuta okwanira, kaundula wa m'kalasi ndi buku la malikisi n'zokwanira kuphunzitsira momwe matebulo aŵiri amalumikizirana. Wotsiriza sukulu amene ali ndi kompyuta yakale akhoza kudziphunzitsa ndi SQLite, nkhokwe yaing'ono yaulere imene imabwera pamodzi ndi Python.

Kumbuyo kwa mzere uliwonse wa m'nkhokwe kuli munthu: wophunzira wodikira malikisi ake, wodwala wodikira mankhwala, kholo losunga lisiti m'thumba. Womasulira ndi wantchito wabwino ndipo palibe chifukwa chomtayira, koma mlandu wa zolembedwa zotayika sugwera iye. Umagwera amene adamtuma. Wolemba mapulogalamu wodalirika ndi amene amamva zinenero zonse ziŵiri, ndipo zinthu zikavuta amayamba waŵerenga zimene zanenedwa m'dzina lake asanasinthe kanthu. Gawo lotsatira lidzafotokoza mwatsatanetsatane za index, ndi chifukwa chake nkhokwe yothamanga lero ikhoza kuyamba kukwaŵa chaka chamaŵa.