Manambala a snooker: ena amawerengedwa, ena amagamulidwa

Anyamata osewera pool pa Lirangwe ndi ku Chileka akaonera snooker pa TV amandifunsa kuti manambala onse aja ndi a chiyani. Poti ntchito yanga ndi yolemba zochitika patebulo, ndiwayankhire pano.

Pool yathu ya m'mabala amapambana ndi yemwe wamaliza mipira yake n'kulowetsa blaki. Snooker ndi ya mapointi. Mipira yofiira ilipo 15, uliwonse pointi imodzi. Wachikasu 2, wobiriwira 3, wabulauni 4, wabuluu 5, wapinki 6, wakuda 7. Mapointi omwe munthu wasonkhanitsa asanaphonye ndiwo break, ndipo akafika 100 timati century. Wofiira aliyense akatsatana ndi wakuda, mitundu yonse n'kulowa, mapointi amakwana 147. Apa palibe chotsutsana.

Mkangano uli pa maperesenti. Pot success ndi mipira yomwe yalowa, pa yonse yomwe wosewera anayesa kulowetsa. Koma anayesadi? Katswiri amatha kumenya mpira kuti ukalowa ulowe, ukakana mpira woyera ukhale utathawira kutali. Wolemba ndiye amagamula ngati kunali kuyesa kapena kudziteteza. Komanso mpira wa pakamwa pa dzenje ndi wochokera kumapeto kwa tebulo la mafiti 12 amauwerenga chimodzimodzi, n'chifukwa chake wakutaliwu, wotchedwa long pot, amaupatula pawokha. Safety success ndiyo sindiikhulupirira kwenikweni: kawirikawiri amati kudziteteza kwatheka ngati mnzako sanalowetse mpira pambuyo pake, ngakhale iyeyo atangophonya yekha ndi mantha.

Ngakhale wotchi imanama. Mu 1997 Ronnie O'Sullivan anapanga 147 ku Crucible, mumzinda wa Sheffield, ndipo kwa zaka zambiri dziko linkati anatenga mphindi 5 ndi masekondi 20. Ataonanso kanema bwinobwino anapeza kuti wotchi inayambitsidwa msanga. Nthawi yovomerezeka tsopano ndi mphindi 5 ndi masekondi 8.

Ndiye inu okonza mipikisano m'ma trading centre athu, ngati mukufuna kudziwa katswiri weniweni, gwirizanani masewera asanayambe kuti kuphonya n'chiyani ndipo kudziteteza n'chiyani. Cholembera chikhale m'manja mwa munthu mmodzi, yemwe sanabetche.