Oilo Woyenera Njinga Yamoto Yanu

Njinga yamoto ndiyo imafikitsa tomato kumsika ndi wodwala kuchipatala. Komabe alimi ena amaiononga pothiramo oilo wa galimoto, poganiza kuti oilo yense ndi mmodzimodzi.

M'njinga zambiri, oilo yemweyo amatumikira injini, magiya ndi kilachi. Oilo wa galimoto kawirikawiri amakhala ndi mankhwala oonjezera kuterera. Akafika pa kilachi, imayamba kuterereka: injini imalira kwambiri koma njinga imalephera kukwera chitunda, ndipo posakhalitsa kilachiyo imapsa.

Pogula, yang'anani zinthu zitatu pabotolo. Choyamba ndi 4T, pakuti 2T ndi wa injini zimene zimawotcha oilo pamodzi ndi petulo. Chachiwiri ndi JASO MA kapena MA2, chizindikiro chakuti oiloyo ndi woyenera kilachi ya njinga. Chachitatu ndi manambala monga 10W-40 kapena 20W-50. Nambala yomaliza ikakula, oilo sachita madzimadzi msanga injini ikatentha. Tsatirani manambala olembedwa m'buku la njinga yanu.

Pewani oilo wopimidwa m'mabotolo otsegula kale, chifukwa simungadziwe chimene chilimo. Lita imodzi ya oilo wabwino ndi yotsika mtengo kusiyana ndi kukonzetsa injini m'nyengo yokolola.