MATENDA A KHUNYU: WODWALA NDI ABALE AKE ASAKHALE CHETE

Khunyu, kapena kuti matenda akugwa, ndi amodzi mwa matenda amene anthu sakonda kuwatchula poyera. Mwana akayamba kugwa, makolo ambiri amambisa m'nyumba. Amamleketsa sukulu ndi kumpatsa mbale yakeyake ndi chikho chakechake. Tsiku limene wagwera pamoto anthu amaima patali, kuopa kumgwira. Pofika ku chipatala abale amangolongosola za mabala a motowo, osatchula chimene chinamgwetsa. Motero mabala amapola, koma matenda enieni amatsala, ndipo posachedwa amambwezera pamoto pomwe paja.

Mankhwala a khunyu alipo ndipo amathandiza. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi munthu woyankhula m'malo mwa wodwalayo, ndiponso mpata woti wodwalayo adziyankhulire yekha.

KODI KHUNYU NDI CHIYANI?

Khunyu ndi matenda a mu ubongo. Ubongo ndiwo umatumiza mauthenga ku ziwalo zonse za thupi, ndipo mauthengawo amayenda mwa mphamvu yonga ya magetsi. Mphamvuyi ikasokonezeka mwadzidzidzi, munthu amakomoka, amauma thupi, amaphupha, nthawi zina amatuluka thovu kukamwa kapena kudzikodzera. Ena sagwa pansi konse: amangoyang'ana malo amodzi kwa kanthawi, osamva akamayankhulidwa. Madokotala amati munthu ali ndi khunyu pamene wakomoka motere kawiri kapena kuposerapo popanda chifukwa china chooneka. Mwana wamng'ono amene wakomoka chifukwa cha kutentha thupi sindiye kuti ali ndi khunyu, ngakhale kuti ayenera kufulumira naye ku chipatala.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo 8 mwa 10 alionse a iwo ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Zina mwa zimene zimayambitsa khunyu ndi izi: kuvulala kwa mwana pobadwa pamene uchembere wavuta, malungo ofika ku ubongo, matenda oumitsa khosi, kuvulala mutu pa ngozi, matenda ofa ziwalo mwa akuluakulu, ndiponso mazira a njoka ya m'mimba yochokera ku nyama ya nkhumba yosapsa, amene amalowa m'thupi kudzera m'madzi kapena m'zakudya zodetsedwa ndi chimbudzi. Mwa odwala ambiri chiyambi chake sichipezeka konse. Kusapezekako sikutanthauza kuti pali wina amene wamlodza.

MATENDAWA SAPATSIRANA

Palibe munthu amene angatenge khunyu pogwira wodwala, pokhudza thovu la kukamwa kwake, popuma mpweya umene iye watulutsa, kapena podyera naye m'mbale imodzi. Mantha amenewa ndi amene amachititsa kuti munthu apse mpaka zala kulumikizana, anthu akuonerera. Womchotsa wodwala pamoto sadwala. Amapulumutsa manja a m'bale wake.

WODWALA AKAGWA

Amene ali pafupi ayenera kuchita izi:

1. Amchotse pamoto, m'madzi kapena pamsewu, ndi kuchotsa zinthu zimene zingamvulaze.
2. Apinde chitenje kapena malaya ndi kuika kunsi kwa mutu wake.
3. Asamkanikize pansi pofuna kuletsa kuphuphako.
4. Asaike supuni, kamtengo kapena chala m'kamwa mwake. Munthu sangameze lilime lake, koma supuni ikhoza kumthyola mano.
5. Kuphupha kukatha, amgoneke cham'mbali kuti malovu atuluke ndipo apume bwino.
6. Asampatse madzi, phala kapena mankhwala kufikira atatsitsimuka kwenikweni, ndipo wina akhale naye.

Kawirikawiri kukomokaku kumatha kokha pa mphindi ziwiri kapena zitatu. Koma kukapitirira mphindi 5, kapena wodwala akakomokanso asanatsitsimuke, kapena akakhala kuti wavulala, watentha thupi, kapena ndi mayi woyembekezera, pamenepo apite naye ku chipatala msangamsanga.

MANKHWALA NDI A TSIKU NDI TSIKU

Mankhwala a phenobarbitone anayamba kuperekedwa kwa odwala khunyu m'chaka cha 1912 ku Germany, ndipo akuthandizabe mpaka lero. Palinso ena monga carbamazepine, phenytoin ndi sodium valproate. Bungwe la WHO likuti odwala mpaka 7 mwa 10 alionse angathe kukhala osagwanso akalandira mankhwala oyenera.

Mankhwalawa sali ngati a malungo amene munthu amamwa masiku atatu ndi kumaliza. Amagwira ntchito pokhapokha akukhala m'magazi nthawi zonse. N'chifukwa chake wodwala ayenera kumwa tsiku lililonse pa nthawi yake, ngakhale patapita miyezi osagwa. Kuleka mwadzidzidzi n'koopsa, pakuti kungabweretse kukomoka kosalekeza kumene kumapha. Munthu akatha zaka ziwiri kapena kuposerapo osagwa, adokotala okha ndi amene angaone ngati n'koyenera kuchepetsa mankhwala pang'onopang'ono. Mowa, kuchezera usiku wonse osagona ndiponso kudumphitsa mankhwala ndi zimene zimautsa matendawa kawirikawiri.

KUYANKHULA KU CHIPATALA

Wodwala khunyu sadziwa chimene chimachitika iye akakomoka, ndipo adokotala saona kugwako ndi maso awo. Mboni ndi m'bale amene analipo. Choncho pa ulendo woyamba wodwala apite ndi munthu amene anamuona akugwa, kuti akalongosole mmene zinayambira, nthawi imene zinatenga, ndi mmene wodwalayo anakhalira atatsitsimuka.

Banja lisunge chiwerengero cha masiku amene wodwala wagwa. Odziwa kulemba alembe m'kabuku. Osadziwa kulemba aziponya njere imodzi ya chimanga m'chitini nthawi iliyonse wodwala akagwa, ndi kukawerenga njerezo pamaso pa adokotala. Chiwerengero chimenechi ndi chimene chimawauza adokotala ngati mlingo wa mankhwala wakwana kapena ufunika kusintha.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa dzina la mankhwala ake, mlingo wake, ndi tsiku lobweranso, ndiponso kupempha kuti zonsezi zilembedwe bwino m'buku lake la kuchipatala. Mankhwala akamamgonetsa tulo kwambiri, akamamchititsa chizungulire, kapena akamasokoneza khalidwe la mwana, akanene m'malo mongoleka kumwa. Zidzolo zotuluka pakhungu mankhwala atangoyambidwa zifunika kukaonetsa tsiku lomwelo. Ngati kugwa sikuleka ngakhale akumwa mankhwala mokhulupirika, wodwala angathe kupempha kalata yopita ku chipatala chachikulu cha boma lake.

Amayi ali ndi mafunso awoawo oyenera kufunsa. Mankhwala a phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin amafooketsa mapiritsi olera ndiponso njira yolera ya pamkono, kotero mayi ayenera kutchula mankhwala ake posankha njira yolera. Sodium valproate angathe kuvulaza mwana wosabadwa. Mayi amene akufuna kutenga pathupi akambirane ndi adokotala zisanachitike, ndipo akapezeka kuti ali ndi pathupi kale asaleke mankhwala payekha, koma apite ku chipatala msanga. Amayi ambiri odwala khunyu amabereka ana athanzi.

MANKHWALA AKATHA PA CHIPATALA

Zimachitika nthawi zina kuti wodwala wayenda ulendo wautali ndi kupeza mankhwala atatha. Kwa munthu wa khunyu limeneli si vuto laling'ono, chifukwa masiku ochepa opanda mankhwala angathe kumbwezera pamoto. Ndi nzeru kupita kukatenga ena pamene kwatsala mapiritsi a sabata yathunthu. Akawapeza atatha, wodwala afunse kumene angawapeze, ndiponso ngati pali ena olowa m'malo mwake. Asabwereke mapiritsi a mnzake, pakuti mitundu ndi milingo imasiyana.

Nkhaniyo isathere panjira yobwerera kumudzi. Aiuze mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo, mfumu, ndi a komiti ya chipatala, amene ntchito yawo ndi kutengera madandaulo a anthu kwa oyang'anira chipatala. Mutu umodzi susenza denga: mabanja khumi akafika pamodzi ndi kunena chiwerengero cha odwala a m'dera lawo, oitanitsa mankhwala amadziwa kuchuluka kwa amene afunika. Wodwala wobisidwa m'nyumba sawerengedwa, ndipo wosawerengedwa saitanitsidwira mankhwala.

KU SUKULU, KU MUNDA NDI M'MUDZI

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a chaka cha 1994 amati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Mwana wodwala khunyu sanachotsedwe pa ufulu umenewu. Makolo apite okha kwa aphunzitsi aakulu, akalongosole za matendawa ndi zoyenera kuchita mwanayo akagwa. Mphunzitsi amene wadziwitsidwa sathawa, ndipo ana ena amaphunzira kwa iye.

Wodwala angathe kulima, kuchita malonda, kupemphera ndi anzake ndi kumanga banja. Zofunika kupewa ndi zochepa: asaothe moto kapena kuphika ali yekha, asasambe ku mtsinje kapena kukwera bwato popanda womuyang'anira, asakwere mumtengo kapena padenga, ndipo asayendetse galimoto kapena njinga yamoto pamene kugwa sikunaleke. Pomteteza ku zimenezi, abale asamlande mawu. Pa nkhani ya thupi lake, wamkulu afunsidwe maganizo ake, ndipo mwana wosinkhuka aphunzitsidwe kutchula yekha dzina la mankhwala ake.

M'chaka cha 2022 maiko a m'bungwe la WHO anagwirizana pa ndondomeko ya zaka khumi yofuna kuti odwala khunyu ambiri afikiridwe ndi chithandizo. Koma ndondomeko yotere siingamfike mwana amene watsekeredwa m'nyumba. Imayambira pa mayi amene watchula dzina la matendawa pamaso pa anamwino, pa bambo amene wapita kukaonana ndi aphunzitsi, ndi pa mnansi amene wathamangira kukamchotsa wodwala pamoto. Banja lililonse limene lili ndi munthu wakugwa lipite naye ku chipatala chapafupi mwezi uno, ndipo likanene zonse monga momwe zilili.